Anandikonzera Boxer yanga kuti igwirizane ndi msinkhu wanga, ndayenda nayo miyezi isanu tsopano

Ndadikira dala ndisanalembe ndemanga iyi, ndimafuna njingayi ione kaye fumbi la Seputembala komanso matope a Januwale ndiye ndinene zoona zokhazokha. Ine ndine mzimayi wamfupi, mita imodzi ndi masentimita 56, ndimalemera makilo 58, ntchito yanga ndi yoyendera magulu a banki mkhonde kuchokera ku Likuni kulowera cha ku Malingunde, masiku ena mpaka ku Mitundu. Njinga ndi yamoto, Bajaj Boxer 150, ndinagula yogwirapo kale ntchito kwa mnyamata wina wa kabaza, wamtali bwino, ndiye chilichonse panjingapo chinali chotcheredwa potengera thupi lake iyeyo.

Miyezi iwiri yoyambirira ndinavutika zedi. Ndikaima ndimachita kunyang'ama, zala zakuphazi zokha ndi zimene zimagunda pansi, ndiye pamchenga kapena pamalo otsetsereka mtima umakhala uli m'mwamba. Tsiku lina ndinagwa nayo pafupi ndi mjigo njinga itaima kale, phazi linangosowa popondapo basi, mabuku a gulu onse mbwee pansi, azimayi amene amatunga madzi ndi amene anandithandiza kuidzutsa. Madzulo aliwonse dzanja lamanzere limachita dzanzi, mapewa kuwawa, msana osanena.

Ndinapita pa galaja ina yaing'ono ku Biwi, anandilozera ndi mnzanga wa kuntchito. Maganizo anga anali amodzi, adule mpando basi ndizipita. Makaniko wake, bambo wachikulire ndithu, anandimvetsera mpaka kumaliza kenako anati, "Amayi, mpando tidula pomaliza, takhalani kaye panjingapo ndikuoneni." Anaiimika pa sitandi yapakati, ndinakwera, akuti nditsinzine ndiye nditambasule manja pamene akufuna kufikira okha osadzikakamiza. Nditatsegula maso manja anga anali m'malere, kutsala pafupifupi zala zitatu kuti ndifike pa mahandulo. Apa mpamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndimayendetsa nditawerama, zigongono zili zowongoka ngati ndodo, ndiye bampu iliyonse imathera m'mapewa ndi m'khosi.

Anamasula mabawuti anayi amene amagwira handulo pakati paja, nkuipendeketsera kumbuyo pang'ono kubwera kwa ine, osati kwambiri, kenako anaikhotetsa mpaka kumapeto uku ndi uku kuona ngati sikugunda thanki komanso ngati makebulo sakukokeka. Anailiza injini nkukhotetsanso, akuti ngati kebulo ya moto yakokeka injini imakwera yokha pokhota ndipo zimenezo ndi zoopsa. Ine zimenezi sindikanaziganizira olo pang'ono.

Kenako zogwirira za kilatchi ndi buleki yakutsogolo. Zinali zoloza m'mwamba, ndiye kuti ndizifikire ndimachita kupinda dzanja chagada, nkuona dzanzi lija. Anamasula tibawuti take nkuzitsitsa mpaka mkono, dzanja ndi zala zinakhala pamzere umodzi ndikaika zala pamwamba pake. Ntchito ya mphindi zisanu, sipanala imodzi, koma kunena zoona pa zonse zimene anachita tsiku limenelo ichi ndiye chinandithandiza kuposa china chilichonse, dzanzi linatha sabata yomweyo ndipo silinabwerenso. Kilatchi anaitchera kuti izisewera pakati pa sentimita imodzi ndi awiri kunsonga isanayambe kukoka. Ndinawapempha kuti aifewetse kwambiri ibwere pafupi ndi zala zanga poti ndi zazifupi, anakana, akuti ikasewera mopitirira kilatchi simasula bwino, giya imalowa mokhadzula ndipo nyutulo mumachita kuisakasaka. Anathira oilo mu kebulo m'malo mwake, inafewadi.

Chopondera giya anachichotsa nkuchibwezera dzino limodzi kutsika, atandiuza kaye kuti ndivale nsapato zimene ndimayendera kumudzi osati zimene ndinabwera nazo. Mwamwayi majombo anali m'chikwama. Buleki yakumbuyo anamangitsa nati imene ili kumapeto kwa kachitsulo kaja kopita ku tayala, kuti izigwira ndikangoponda masentimita awiri kapena atatu, poyamba ndimachita kuponda mpaka chidendene kunyamuka.

Nkhani ya mashoko ndi imene inandidabwitsa. Pansi pa sipuling'i pali timasitepe, ndiye mwini wake woyamba anawaika pomaliza penipeni polimba, sinanga amanyamula anthu awiriawiri ndi matumba. Ine ndikakhalapo njinga simatsika nkomwe, imangodumpha ngati ngolo. Anawabweza pa sitepe yachiwiri, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo anatsindika kuti shoko imodzi isamakhale pena ina pena. Nditakhalapo njinga inatsika yokha pang'ono ndithu moti mapazi anayamba kufika bwino mpando usanakhudzidwe. Tcheni anachiyesa ine nditakhala pompo, chifukwa akuti kulimba kwake kumasintha munthu akakwera. Koma dziwani izi, tsiku limene ndinanyamula thumba la chimanga la makilo 50 osakweza mashoko, pa zigwembe ndimamva kugunda pansi kuti khu, ndiye panopa ndikadziwa kuti kuli katundu kapena ndinyamula munthu ndimakweza kaye. Anandiphunzitsa kapangidwe kake, sizovuta.

Ndinafunsanso zotsitsa mafoloko akutsogolo, zitsulo ziwiri zija zogwira tayala lakutsogolo, ndinaziona pa YouTube anthu akuchita. Bambowo anapukusa mutu. Akuti misewu imene mumayenda inuyo ndi ya migula ndi miyala, tikatsitsa injini izikhula pansi, madigadi akhoza kumagunda pa bampu, kakhotedwe kasintha, ndiponso sitandi yam'mbali ikhala yaitali njinga nkumaima chilili mphepo ingoigwetsa. Ndinakhumudwa pang'ono tsiku limenelo koma mvula itayamba ndinawathokoza mumtima, pali malo ena cha ku Malingunde amene madzi anakumba moti njinga yotsitsidwa sikanadutsa.

Mpando iwo sasoka, anandiperekeza kwa mnyamata wina wosoka mipando ku Mchesi amene amagwira naye ntchito. Uyu anachotsa chikopa, nkubwezera mpando wa siponji yokhayokha panjinga, ndinakhalapo, iye nkumalemba ndi cholembera mozungulira ntchafu zanga pamene siponji imanditangadza. Ine ndimati achotse masentimita 6, iye anati asisi mukhalira chipulasitiki chapansicho, tichotse atatu okha pamwamba koma tisende m'mbali kutsogoloku pafupi ndi thanki. Anadula ndi kampeni ka sowo kaja kodulira zitsulo, pang'onopang'ono, nkumasalaza ndi sandipepa, tizidutswa ta siponji tili waa pansi ponse, ndinakwera ndi kutsika mwina kasanu akuyesa. Ndipo anali kunena zoona, kusenda m'mbaliko ndi kumene kunagwira ntchito, mpando wotakata umatangadza miyendo ndiye imafupika, ukachepa kutsogolo miyendo imatsika molunjika. Mbali yokhala pasenjala sanaikhudze. Panopa phazi lamanzere limaponda lonse lathunthu, lamanja lili pa buleki, ndikafuna onse awiri amafika kupatula zidendene.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, ndizinene ndithu. Choyamba, makaniko uja atamangitsa buleki yakumbuyo anaiwala kutchera kaswitchi ka nyale yofiira, ndiye ndimati ndikaponda njinga ikuima koma nyale osayaka. Ndinayenda choncho masiku anayi osadziwa mpaka dalaivala wina wa minibasi anandikuwira pa Likuni kuti amayi nyale yanu siyikuyaka ndikanakugundani. Ndinabwerera, anapepesa, anakonza pa mphindi ziwiri osalipiritsa, komabe chinthu chotere chimayenera kuonedwa ndisanatuluke pageti, moyo wa munthutu uwu. Ngati mukukonzetsa zimenezi pondani buleki wina aone kumbuyo musanachoke.

Chachiwiri ndi msoko. Chikopa chatsopano anachisoka msoko uli pamwamba, nthawi ya dzuwa panalibe vuto, koma mvula itayamba madzi amalowera m'mabowo a singano siponji nkumwa, ndiye ngakhale kunja kwauma ukakhalapo madzi amatuluka, kufika pamsonkhano wa gulu thalauza litanyowa kumbuyo, zochititsa manyazi pamaso pa anthu amene ukukawaphunzitsa. Nditadandaula anamasula nkuyala pepala la pulasitiki pakati pa siponji ndi chikopa, vuto linatha, koma ndinataya tsiku lathunthu la ntchito kudikira siponji iume. Akanangoika pulasitikiyo poyamba pomwe.

China nchakuti siponji ikachepa imachepadi. Maulendo anga a tsiku ndi tsiku palibe chovuta, koma nditapita ku Dedza pa M1 ndinachita kuima panjira kuti ndiwongole miyendo, pokhalira pamawawa ndipo mawondo amakhala opindika kuposa kale poti mpando wayandikira zopondera. Mwamuna wanga ndi wamtali, akaibwereka amadandaula kuti yamuchepera, ndipo magalasi amawasuntha nthawi zonse ine nkumayambiranso kutchera.

Mtengo sunali woboola m'thumba, zonse pamodzi ndi chikopa chatsopano zinakwana ngati ndalama ya malita khumi a petulo nthawi imeneyo, ndipo yambiri inapita ku mpando, zotcheratchera zija bambo aja anangoti mugule fanta ya anyamata. Nthawi ndiye konzekerani, ndinafika 8 koloko m'mawa nkuchoka cha m'ma 2, osangosiya njinga nkumapita chifukwa popanda inuyo kukhalapo palibe chimene angayese. Tengani majombo anu, chipewa chanu ndi chikwama chimene mumabereka masiku onse.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha nyale ija. Mwezi wamawa ndikubwererako ndi mnzanga wina wa zaumoyo amene naye akunyang'ama pa njinga yake, ndamuuza kale kuti ayambe ndi mahandulo ndi mashoko aone kaye sabata imodzi asanalole mpeni pa siponji.