Bolodi yaing'ono ya mphepo yamphamvu: freewave, slalom kapena wave?

Anzanga atatu amene timasewera nawo windsurfing, masewera oyenda pamadzi pa bolodi ya thanga, andifunsa funso limodzimodzi chaka chino. Onse waterstart, kudzuka m'madzi n'kukwera bolodi mokokedwa ndi thanga, akuitha (mmodzi mbali imodzi yokha), harness, lamba wa m'chiuno uja wodzikolekera ku thanga, akukoleka bwinobwino, m'malamba a mapazi akulowa, koma mphepo ikangodutsa ma knot 22 (cha m'ma kilomita 40 pa ola) bolodi yawo ya malita 130 imayamba kunjanja, mphuno m'mwamba, munthu n'kubwerera kumtunda miyendo ikunjenjemera. Ndiye akuti agule iti yaing'ono? Ndati ndilembe kamodzi zonse, poti ineyo panthawi ngati imeneyi ndinagula molakwika ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Tiyambe ndi malita, muyeso wa kukula kwa bolodi, poti aliyense amathamangira pamenepo. Lita imodzi imanyamula kilo imodzi m'madzi opanda mchere, m'nyanja yamchere imanyamula zoonjezerako pang'ono, mwina magalamu 25 basi. Ine ndimalemera makilo 75. Mukaphatikiza thanga, mlongoti ndi boom (chogwirira thanga), makilo 8 kapena 10, bolodi yeniyeniyo makilo 6 kapena 7, wetsuit yonyowa ndi harness, mwafika kale cha m'ma 93. Ndiye bolodi ya malita 95 imandiyandamitsa movutikira, ya 85 imamira mpaka madzi kudutsa akakolo. Kwa munthu amene akugula bolodi yaing'ono koyamba ine ndimati tengani thupi lanu muonjezere malita 15 kapena 20, chifukwa mphepo yamphamvu imatha kudukiza muli kutali, ndipo pamafunika chinthu choti muimepo n'kubwerera pang'onopang'ono.

Koma malitawo ndi omwe anandinamiza. Ndinaona bolodi yakale ya slalom, malita 97, yopepuka ngati pepala, yooneka bwino zedi, ndinati basi masamu akugwirizana. Wogulitsa anangoti imathamanga kwambiri, ndipo sanali kunama ayi. Chimene sanandiuze n'chakuti bolodi ya slalom anaipangira munthu wa mpikisano, wonyamula thanga lalikulu la ma camber (tizipangizo tolimbitsa kupindika kwa thanga), la masikweya mita 6 kapena 7, woima m'mphepete mwenimweni mwa bolodi n'kumakankha fini (chipsepse cha pansi pa bolodi) ndi mphamvu zake zonse osapumira. Pansi pake kumchira kumakhala kowongoka, m'mbali mwake mwakuthwa, malamba ali kunja kwenikweni. Ine ndinabwera ndi kathanga kanga ka 4.7, mphepo ya ma knot 26, madzi a mafunde ang'onoang'ono othinana aja. Kungolowetsa phazi lakumbuyo m'lamba inali nkhondo, chifukwa lambalo lili kumapeto ndipo bolodi yayamba kale liwiro loti simunalikonzekere. Mukalowa, funde lililonse mumalimva m'mawondo mpaka m'mano. Mukati muchepetse liwiro potsegula thanga, mphuno imadzuka, mphepo n'kulowa pansi, bolodi yonse n'kuuluka. Siilola kuyenda mwapakatikati, imafuna muipanikize nthawi yonse, ndipo luso limenelo munthu wapakati sanalipeze.

Kenako nkhani ya fini, apa ndiye pamene panandipweteka mtima. Mafini anga onse anali a Powerbox, aja a sikulu imodzi. Bolodi imeneyi inali ya Tuttle, masikulu awiri, palibe fini yanga ngakhale imodzi yolowamo. Imene inabwera nayo inali ya masentimita 34, yaikulu kwambiri kwa thanga la 4.7, imanyamula bolodi mpaka kufuna kuitembenuza. Ndinagula ina ya 28, ndalama zomwe sindinaziwerengere n'komwe pogula. Tsiku lachinayi mphepo inandikoka mwadzidzidzi ndili wokoleka harness, ndinaponyedwa kutsogolo, mlongoti n'kumenya mphuno ya bolodi. Mabolodi a mpikisano amawapanga ndi khungu lopyapyala kuti apepuke, ndiye inang'aluka pomwepo. Mkati mwake mumakhala thovu lija la EPS lomwe limamwa madzi, ndipo ine posadziwa ndinapitiriza kwa ola lathunthu. Masabata atatu ikuuma, kenako kukamatitsa, ndalama zinanso. Itabwerako inali yolemerako ndipo sinabwererenso mmene inalili. Nyengo yonse ya mphepo inapita choncho, jibe yanga, kukhota kotembenukira kumene mphepo ikupita, sinasunthe ngakhale pang'ono, mmalo mwake ndinayamba kuopa mphepo imene ndinkailakalaka.

Ndiye slalom kwa munthu wapakati ayi. Ndikudziwa ena ati ndikulankhula ndi chizondi, mwina n'zoona, koma ayi ndithu.

Ya wave yeniyeni ndinaibwerekako kwa mnzanga kangapo, malita 84. Pansi pake mpopindika kwambiri, ndiye rocker amanenayo, ndipo m'mbali mwake ndi mofewa, motero pamafunde aakulu imakhota mokoma ndipo mphepo ikafika ma knot 30 imakhala phee pansi pa mapazi. Vuto lake imachedwa kuyamba planing (kutsetsereka pamwamba pa madzi mwaliwiro), imafuna muziipopa ndi kuitsetsereka pafunde, ndipo kukwera nayo kumene mphepo ikuchokera kumavuta ngati miyendo yanu sinazolowere timafini tating'ono. Ngati kumene mumasewera kulibe mafunde osweka enieni, mukulipira zinthu zomwe simuzigwiritsa ntchito.

Freeride, bolodi yongoyendera wamba, yaing'ono ya malita 100 mpaka 110, siyoipa ayi. Imayamba planing msanga, jibe imakukhululukirani, koma ndi yotakata, ndiye vuto lomwe mukulithawa lija limabweranso mphepo ikakwera cha m'ma knot 25. Kwa munthu wolemera makilo 90 kupita m'mwamba ikhoza kukhala yankho.

Imene ndinakhazikika nayo ndi freewave, bolodi ya pakati pa freeride ndi wave, ya malita 94, ndipo ndiinenera zabwino mosabisa chifukwa ndi imene inandibwezera chimwemwe. Pafupifupi kampani iliyonse ili ndi yake, Starboard Kode, JP Freestyle Wave, Tabou 3S, Severne Dyno, Goya One, Duotone FreeWave (imene kale inali ya Fanatic), ndipo kunena zoona kusiyana kwa mainawa ndi kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa freewave ndi slalom. M'lifupi mwake ndi cha m'ma sentimita 60, pafupifupi chimodzimodzi ndi slalom ija, malita akusiyana ndi atatu okha, koma pamadzi ndi zinthu ziwiri zosafanana ngakhale pang'ono. Rocker yake ndi yapakati, yokwanira kuti mphuno isabaye funde, koma osati yochuluka moti muzidikira planing mpaka kutopa. Malamba mumatha kuwamanga mkati, limodzi lokha kumbuyo pakatikati, ndiye phazi limangolowa osasuntha thupi kwambiri, ndipo mumaima chilili pamwamba pa bolodi mmalo molendewera kunja. Chimene chinandidabwitsa tsiku loyamba n'chakuti ndikatsegula thanga pang'ono, bolodi imangochepetsa liwiro basi, osadzuka. Kanthu kakang'ono kameneko ndi kamene kamapangitsa munthu kulimba mtima n'kuyamba kuyesa jibe pamafunde, chifukwa ukudziwa kuti zikavuta ubwerera mmbuyo osaponyedwa.

Zambiri zatsopano zimabwera ndi malo a mafini atatu, thruster, yapakati cha m'ma sentimita 20 ndi tiwiri tam'mbali ta cha m'ma 10. Mphepo ikakhala yofuna thanga la 4.2 kapena 4.7 ndimaika atatuwo, bolodi imagwira madzi, ndipo spin out ija, pamene mchira umangoterereka chammbali, imachepa kwambiri. Ikakhala yofuna la 5.3 kapena 5.8 pamadzi osalala ndimatseka tam'mbalito n'kuika imodzi ya 27, imathamangako ndipo imakwera bwino kumphepo. Bolodi imodzi, matanga kuyambira 4.2 mpaka 5.8. Liwiro lapamwamba slalom ikuposani, izo n'zosakanika, koma pamadzi oipa ine ndimathamanga kwambiri pa freewave chifukwa sindikuopa.

Pa zopangira, musathamangire ya kaboni yokhayokha. Panthawi ino mukhala mukumenyetsabe mlongoti pamphuno, ndiye tengani yolimba ngakhale ilemereko theka la kilo, muikenso chotetezera mphuno.

Ngati mukugula yakale, pitani ndi sikelo. Yang'anani kulemera kumene kampani inalemba, ikapitirira ndi kilo yathunthu dziwani kuti mwina yamwa madzi. Dinani ndi chala chachikulu pakati pa malamba ndi pomwe pamaponda chidendene, pakabonyoka ndiye kuti khungu lasiyana ndi thovu. Tsegulani sikulu yotulutsira mpweya mu bolodi muone ngati kalabala kake kali bwino, ndipo kumbukirani kuti imatsegulidwa bolodi ikakhala padzuwa kapena m'galimoto yotentha, n'kutsekedwa musanalowe m'madzi. Nyamulaninso fini yanu imodzi mukayese pomwepo ngati ikulowa.

Kwa anzanga atatu aja ndayankha motere. Wa makilo 68, freewave ya 85. Wa makilo 80, ya 95 kapena 100. Wachitatu, wa makilo 92 uja amene waterstart yake imatheka mbali imodzi yokha, ndamuuza atenge ya 110 kapena 115 ndipo ya 130 ija asaigulitse kaye mpaka mbali inayo itakhazikika.