Mawu, chuni kapena biti: choyamba nchiti popeka nyimbo?

Oimba a muno mu Lusaka sagwirizana pa nkhani ya nthawi yolembera mawu a nyimbo. Ena amafika ku situdiyo ndi kope lodzaza mavesi koma chuni alibe. Ena amatha masiku akung'ung'udza kachuni kopanda liwu ndi limodzi lomwe. Achinyamata ambiri a ku Matero, Chawama ndi Kalingalinga amadikira kuti pulodyusa awatumizire biti (ng'oma ndi zoimbira zojambulidwa kale, popanda mawu) pa WhatsApp, kenako nkugwira cholembera. Njira zonsezi zatulutsapo nyimbo zabwino. Koma iliyonse ili ndi chimene imakupatsa ndi chimene imakulanda, ndipo kwa ife oimba m'Chinyanja kusiyanako nkwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira.

Tiyambe ndi olemba mawu poyamba. Mphamvu yawo ili pa uthenga. Munthu amene wakhala pansi ndi pepala, popanda ng'oma yomuthamangitsa, amaiona nkhani yonse: wayamba pati, wolakwa ndani, zathera kuti. Nyimbo zofotokoza nkhani, zamtundu umene kalindula anatizoloweza, zimafuna mpata woterewu. Chimodzimodzinso nyimbo ya pamaliro, nyimbo ya ukwati yotchula maina a mabanja awiri, kapena ya kwaya yochokera pa ndime ya m'Baibulo. Pamenepo mawu sungawasinthe mwachisawawa, chuni ndicho chiyenera kugonja. Kunja nakonso njirayi ili ndi eni ake: woimba Elton John ndi mlembi wa mawu Bernie Taupin, a ku England, akhala akugwira ntchito limodzi kuyambira 1967, Taupin akulemba mawu payekha, Elton nkuwaikira chuni pambuyo pake.

Vuto lake ndi loti pepala limalola chilichonse. Tinene kuti mwalemba mizere iwiri iyi: "Amayi anadzuka usiku kukagula tomato ku Soweto", wotsatira "Ife tikugona" (Soweto ndi msika waukulu wa muno mu Lusaka). Powerenga ikukoma, chithunzi chikuoneka. Tsopano werengani maphatikizo ake. Mzere woyamba uli ndi 21, wachiwiri 6. Mukadzafuna kuiimba pa chuni chimodzi, woyambawo mudzauthamanga mpaka mawu kumezeka, wachiwiriwo nkuukoka mpaka mpweya kutha. Nkhani yomweyo itapimidwa ikhoza kukhala chonchi:

Tambala asanalire
amayi apita kale
ku Soweto kukaoda
ife tikugona tulo

Mzere uliwonse apa uli ndi maphatikizo 8, ndipo ngakhale musanaikire chuni mukumva kale poponda phazi. Tomato wachoka, koma palibe chimene nkhaniyo yataya. Olemba mawu poyamba ambiri amakana kudula kotereku chifukwa mzere uja anaukonda kale. Kulemba mavesi onse chuni chisanabadwe kuli ngati kusoketsa diresi kwa telala wa ku Kamwala wovalayo asanapimidwe: nsalu ndi yabwino, koma ikubwereranso pa makina. Ngati ndinu wa njirayi, lembani mukuwerenga maphatikizo, ndipo vesi yachiwiri ikhale ndi muyeso wa yoyamba.

Oyamba ndi chuni ali ndi mwayi umene anzawo aja alibe. Chimene chimakhala m'mutu mwa munthu akatsika minibasi pa Kulima Tower si mavesi ayi, ndi kachuni kaja. Mwana wosadziwa tanthauzo amakaimba, wolankhula Chibemba kapena Chitonga amakaimba. Paul McCartney, wa gulu loimba la The Beatles, anayamba ndi chuni cha "Yesterday", ya 1965, ndipo kwa kanthawi ankachiimba ndi mawu ongogwirizira onena za mazira okazinga mpaka mawu enieni atapezeka. Chitsanzo china tili nacho pakhomo pomwe: chuni cha nyimbo ya fuko la Zambia anapeka ndi Enoch Sontonga mu 1897 ku South Africa, ndipo mawu amene timaimba ife analembedwa patatha zaka zambiri, chuni chilipo kale.

Komatu apa mpamene chilankhulo chathu chimafuna ulemu wake, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Tikamalankhula Chinyanja timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo. Nenani mokweza kuti "bwera kunyumba", mumva kuti "nyu" ndiye watalika. Chuni chobadwa popanda mawu sichidziwa zimenezi. Chimakhala ndi malo ake amphamvu ndi malo ake otalika, ndipo mukangothira mawu osayang'ana, kulemera kumagwera pa phatikizo lolakwika. Womvera sangathe kufotokoza chalakwika, koma amangomva kuti woimbayu akuimba ngati mlendo. Amene anakulira m'tchalitchi akudziwa nyimbo zina zakale zimene anazimasulira pa machuni a ku Ulaya, pamene liwu limathyoka pakati kapena mawu awiri amapanikizana pa noti imodzi. Tinazizolowera ndipo timazikonda, koma nyimbo yatsopano ilibe zaka zana zoti anthu aizolowere.

Palinso kukwera ndi kutsika kwa mawu. "Ndimakukonda" akhoza kutanthauza chikondi chimene chilipo mpaka lero, kapena chimene chinalipo kale, malinga ndi phatikizo limene mwakweza. Polankhula palibe amene amasokoneza. Poimba, chuni ndicho chimalamula pokwera, ndiye mnyamata wofuna kulonjeza chikondi akhoza kumveka ngati akutsanzika. Nthawi zambiri mizere yoyandikana nayo imapulumutsa tanthauzo, koma pa kolasi, pamene liwu limodzi limabwerezedwa kasanu kapena kupitirira, musamadalire mwayi.

Njira ya chuni poyamba imayenda bwino mukachita izi. Jambulani kung'ung'udza kwanu pa foni, ndipo musamangoti "mmm", tsekulani pakamwa muimbe zilizonse zobwera. Pomvetsera mudzaona kuti pa noti yokwera kwambiri pakamwa panu panasankha kale "aa" kapena "ee" kapena "oo". Funani liwu lokhala ndi lembo la liwu lomwelo pamalo pomwepo. Chinyanja chimatithandiza pano, chifukwa mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye mzere uliwonse umatha pakamwa pali potseguka. Aphunzitsi a kwaya amene amalemba chuni mu solofa, d r m f s, ali ndi mwayi wina: atha kulemba maphatikizo pansi pa noti iliyonse nkuona ndi maso pamene mawu akulimbana ndi chuni, asanavutitse anthu makumi atatu pa pulakatisi.

Tsopano biti poyamba, njira imene yatenga malo m'masitudiyo ambiri a m'makomboni. Pulodyusa amapanga biti pa pulogalamu ya pakompyuta ngati FL Studio kapena Cubase, amaika kale malo a kolasi ndi malo a mavesi, woimba nkulemba modzaza mipatayo. Ubwino wake ndi woonekeratu. Muyeso umakhala wodziwika: vesi ya rap nthawi zambiri ndi ma bar 16 (bar imodzi ndi kugunda kunayi), ndipo pa liwiro la 100 BPM, kutanthauza kugunda ka 100 pa mphindi imodzi, imeneyo ndi masekondi 38 ndi pang'ono, basi. Palibe kulemba zochuluka zodzataya. Mawu amakhala pa ng'oma kuyambira pachiyambi, ndipo kusakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi mmene timalankhulira m'tauni muno kumabwera kokha, chifukwa khutu limasankha liwu lokwana pa mpata. Kwa wa rap ndi dancehall, amene luso lake lili pa kaponyedwe ka mawu, sindingamuuze kuti asiye njirayi.

Chimene chimandipweteka ndi chimene biti imachita ku uthenga. Biti imafika ndi mzimu wake. Ikakhala yovinitsa, cholembera chimathamangira ku mowa, ndalama, akazi ndi adani ansanje, osati chifukwa woimbayo alibe nkhani ina, koma chifukwa mawu amenewo ndiwo ali pafupi. Ana aluso kwambiri, amene akudziwa za renti, za madzi osefukira ku Kanyama nthawi ya mvula, za mlongo wawo amene wasiya sukulu, amatulutsa nyimbo yofanana ndi ya mnzawo wa nyumba yotsatira. Zimafika poipa akamalembera mu situdiyo momwemo, ola likuwerengedwa, anzawo atakhala pa benchi kudikira. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankabwera maola owerengeka pa tsiku, ndipo amene analibe jenereta kapena sola ankajambula mothamanga. M'nyengo ngati imeneyo, wofika ndi mawu okonzeka ndiye ankatuluka ndi nyimbo. Pali chinanso: biti imene simunalipire ikhoza kukhala kuti yatumizidwa kwa anthu angapo. Wina akaigula, mavesi anu olukidwa pa ng'oma imeneyo amasowa pokhala. Gwirizanani msanga, ndipo polembetsa nyimbo ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo mu Zambia, zidziwike kuti mawu ndi a yani, chuni ndi cha yani, biti ndi ya yani.

Pali njira yachinayi imene sitiitchula kawirikawiri chifukwa ilibe kompyuta kapena kope. Amayi a ku Katete ndi ku Chipata akamasinja pamtondo, kapena akamavina chitelele, sayamba alemba kenako nkufuna chuni. Wina amaponya mzere ataukweza kale, anzake nkuvomera, ndipo mzerewo umabadwa uli ndi mawu, chuni ndi kugunda kwa munsi nthawi imodzi. Nchifukwa chake nyimbo zimenezi sizilimbana ndi chilankhulo: chuni chimatsata mmene liwulo limanenedwera. Ku ma kitchen party a muno mu Lusaka mumamvanso zomwezo, alangizi akatsogolera, gulu nkuyankha. Njirayi siingakupatseni mavesi atatu a nkhani yaitali, koma pa kolasi ndiyo yoposa zonse.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Funso lisakhale la nyimbo yonse ngati chinthu chimodzi, chifukwa zigawo zake zimabadwa nthawi zosiyana. Nkhani ibwere poyambirira, isanakhale ndakatulo: lembani mizere itatu kapena inayi ya mawu wamba, ngati mukuuza mnzanu, yonena kuti nyimboyi ikukamba za ndani ndipo chamuchitikira nchiyani. Kolasi ibadwe mukuimba mokweza, mawu ndi chuni pamodzi, gitala ili m'manja kapena mukuomba pa tebulo. Mavesi adikire mpaka chuni kapena biti yakhazikika, kuti muwapime pa muyeso weniweni. Mwanjira imeneyi biti singakubereni nkhani, poti nkhaniyo ili kale papepala, ndipo pepala silingakunamizeni za muyeso, poti mavesi mukuwalemba khutu likumva.

Alipo amene njira yosakanizayi singawathandize. Mlakatuli amene akugwira ntchito ndi mnzake woimba alembe mavesi ake onse mwaufulu, bola alole mnzakeyo kudula. Wopeka nyimbo ya kwaya pa ndime ya m'Malemba ayambe ndi kuinena ndimeyo mokweza kangapo, amve pamene mawu akukwera okha, chuni achimange pamenepo. Wa rap amene amapeka pomwepo pa maikolofoni apitirize, koma ajambule zonse, chifukwa mizere iwiri yabwino imabisala pakati pa makumi awiri osathandiza.

Musanapite kukajambula, yesani mavesi anu kawiri. Koyamba anenereni munthu amene sanamvepo nyimboyo, popanda biti, ngati mukucheza, muone ngati waigwira nkhani. Kachiwiri imbani mukuyenda mofulumira, kuti mudziwe pamene mpweya ukuthera. Vesi yachiwiri ndiyo imavuta anthu ambiri, chifukwa zonse zokoma amazithira mu yoyamba, ndiye muilembe m'mitundu iwiri, yaitali ndi yaifupi, mukasankhire komweko mutamva mmene liwu lanu likukhalira pa biti.