Watermaker ya malita 30 pa ola: makina ali bwino, koma onetsetsani membrane musanalipire

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Ziwiri zachokazo zapita chifukwa cha shopu, osati makina.

Amene mumagwira ntchito za maboti a matanga kuno ku Joni shopuyo mukuidziwa, sindiitchula. Mtengo wa watermaker yawo ya 12V (makina osandutsa madzi amchere a m'nyanja kukhala akumwa) mukuudziwanso, ndi ndalama zogulira kagalimoto kakale. Inaikidwa m'boti la mamita 12 logona anthu anayi, limene limanyamuka ku Richards Bay kupita ku Inhaca ndi ku zilumba za Bazaruto nyengo ya anamondwe ya November mpaka April ikadutsa. Kumeneko kulibe mpopi woti mukokeko paipi mpaka m'thanki. Popanda makinawa madzi ndi a m'zigubu, kuchita kunyamula pa kaboti kakang'ono kuchokera ku Vilankulo.

Vuto linaoneka pa kuyatsa koyamba m'madzi oyera a pakati pa nyanja. Madzi oyamba anatuluka akununkha ngati mazira owola, ndipo mita ya TDS, yoyeza kuchuluka kwa mchere m'madzi, inakakamira pamwamba pa 900. Membrane, chosefera mchere cha m'kati mwa makina, ikakhala yatsopano imayamba ndi nambala yokwera, koma pakapita mphindi zochepa iyenera kutsika kufika pansi pa 500. Iyi sinatsike ngakhale patatha ola lathunthu. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala cha m'ma 35,000, ndiye 900 ingaoneke yochepa, koma pa lilime mchere umamveka, ndipo tiyi wa madzi amenewo sakoma.

Chomwe chinaulula nkhani yonse ndi kuchuluka kwa madzi. Membrane ikatsekeka ndi matope kapena tizilombo madzi amachepa ndipo geji yoonetsa mphamvu ya madzi imakwera. O-ring (kalabala kozungulira kotseka polumikizira) ikang'ambika madzi amchere amangodutsa osasefedwa, TDS imathamangira m'masauzande. Apa madzi ankatuluka ochuluka kuposa malita 30 olembedwa aja, geji ili pansi pang'ono, mchere uli pakatikati. Chizindikiro chimenecho ndi cha klorini. Klorini amadya kachikopa kopyapyala kamene kamatsekereza mchere, ndipo kakadyeka palibe mankhwala otsukira amene angakabwezeretse. Fungo lija linali la madzi amene anagonera m'kati nthawi yaitali popanda mankhwala osungira.

Kushopu anayamba ndi kukana. Mnyamata wa pa kauntala sanafune ngakhale kuona zithunzi za mita. Anati makina anayatsidwa pa doko pamene pali dizilo, kenako anasintha n'kunena kuti membrane ndi chinthu chotha, sichilowa mu warranty. Mafuta amatseka membrane, inde, koma amachepetsa madzi, sawachulukitsa. Munthu wogulitsa zinthu zodula chonchi osadziwa kusiyana kumeneku, kapena akudziwa koma akuyesa ngati kasitomala ndi mbuli, ndi zimene zinandipsetsa mtima kuposa kuonongeka kwenikweniko. Foni ankangoyankha kuti abwana ali pa msonkhano. Uthenga wa pa WhatsApp ankauwerenga, osayankha.

Chilungamo chinachokera kuseri, kogwirira ntchito. Kuli makaniko wina wa kwathu, wa ku Mangochi, dzina ndabisa chifukwa ntchito ku Joni kuno njosowa. Atamva Chichewa anandikokera pambali n'kunena kuti, “Akulu, musavutike n'kumasula pampu. Makina amenewa ndi aja ankakhala pa shelefu yoonetsera. Kasitomala akabwera timawayatsa ndi madzi a pampopi mu ndowa, tikatha n'kuwasiya choncho.” Madzi a pampopi a Rand Water, kampani yopereka madzi ku Joni, ali ndi klorini monga ayenera kukhalira, ndi abwino kumwa, koma kwa membrane ndi poizoni akamadutsamo kwa miyezi popanda fyuluta ya kaboni yochotsa klorini. Makina oonetsera anawapukuta, kuwabwezera mu katoni, n'kuwagulitsa pa mtengo wa atsopano.

Chimene chinatsegula chitseko ndi Consumer Protection Act ya 2008, lamulo la ku South Africa loteteza ogula. Gawo 56 limati katundu akapezeka wolakwika m'miyezi isanu ndi umodzi, wogula ndiye amasankha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Kalata yotchula gawo limeneli, pamodzi ndi risiti ndi zithunzi za mita, inafika kwa mwini shopu weniweni. Apa ndinene zoona, bamboyo anaimba yekha, anapepesa osazungulira, anatumiza membrane yatsopano ili m'pulasitiki yake yomata, n'kuwonjezerapo fyuluta ya kaboni ulere. Ndalama ya courier kuchokera ku Joni kupita kunyanja sanabweze, koma mtima unatsikako.

Membrane yabwino italowa, makinawa sindingawanyoze. TDS imakhala pakati pa 200 ndi 300. Makinawa ndi a mtundu uja umene pampu yaing'ono imakankha madzi pa mphamvu ya mabar 6 kapena 7, kenako chipangizo chachiwiri chimagwiritsa ntchito mphamvu ya madzi otayidwa kukweza kufika cha m'ma 55. N'chifukwa chake amadya ma amp 9 kapena 10 okha. Anthu anayi osamala, aliyense malita 15 pa tsiku omwa, ophikira ndi otsukulira thupi atasamba m'nyanja, ndi maola awiri oyatsa, magetsi a mu batire okwana ma Ah (ma amp kuchulukitsa ndi maola) pafupifupi 20. Sola ya 300W imakwanitsa bwinobwino mukayatsa masana mabatire ali pamwamba pa 13V. M'mawa mabatire atatsika ndi firiji usiku wonse, pampu imachita ulesi ndipo mchere umakwera pang'ono. M'madzi ofunda a ku Mozambique malita amachulukirapo, mchere nawonso umakwerako pang'ono, zimenezo si vuto.

Kabuku ka malangizo a makinawa n'kachabechabe pa nkhani ya kaikidwe, ndiye imvani. Bowo lotengera madzi likhale pansi penipeni pafupi ndi msana wa boti, kutsogolo kwa potulukira za kuchimbudzi. Likakhala m'mbali, boti likapendama ndi mphepo limakoka mpweya, geji imayamba kudumphadumpha ndipo pampu imatha msanga. Pampu ikhale m'munsi mwa mzere wa madzi kuti izidzala yokha. Madzi adutse pa sefa, kenako fyuluta ya 20 micron, kenako ya 5 micron, ya timabowo tating'ono kwambiri. Paipi yotaya madzi amchere ituluke pamwamba pa madzi pomwe mungaione, chifukwa pa malita khumi olowa, okwana limodzi lokha ndi amene amakhala akumwa, ena onse amabwerera m'nyanja, ndipo akasiya kutuluka mwadziwa kuti kwatsekeka. Waya umene amaika mu katoni ndi woonda ngati mabatire ali kutali mamita angapo, gulani wonenepa. Pa ma O-ring pakani girizi wa silicone, osati Vaseline, amafufumitsa labala.

Ku Bazaruto madzi akamadzala kapena kuphwera amathamanga ndi mchenga pakati pa zilumba. Mukayatsa nthawi imeneyo fyuluta ya 5 micron imada tsiku lomwelo. Dikirani madzi adzale aime, kapena yatsani muli pa ulendo kunja. Shopu imaika mafyuluta awiri okha a sipeya, amene sangakufikitseni kulikonse. Nyamulani khumi kapena kuposerapo, a mapindo aja otheka kutsuka ndi kuyanika padzuwa. Pa doko ndi pakamwa pa mtsinje musayatse.

Mukatha kupanga madzi tsukuluzani makina ndi madzi a m'thanki odutsa pa kaboni, ndipo bwerezani pakatha masiku asanu ngati sakugwira ntchito. Kaboniyo sinthani pa miyezi isanu ndi umodzi, makamaka ngati thanki munadzazako madzi a pa doko. Boti likakhala milungu eni ake ali ku Joni, ikani mankhwala osungira, koma akhale amene opanga makinawa analemba. Sodium metabisulphite imene ambiri amathira imatha kuononga pulasitiki ndi labala za m'chipangizo chokweza mphamvu chija, ndipo mnyamata wa pa kauntala uja adzakupatsani imeneyo mukapanda kufunsa.

Ngati mukukagula kumeneko, auzeni atsegule katoni muli pomwepo. Membrane ikhale m'pulasitiki yake kapena akuonetseni tsiku limene anaithira mankhwala, nambala yake ilembedwe pa risiti, ndipo nunkhizani paipi yotulutsa madzi. Ma seal a sipeya analipiridwa tsiku lomwelo limodzi ndi makina, mpaka lero akuti ali m'njira.