Nsalu yofunditsa maluwa ija amati fleece, ndaiyesa pa hibiscus wopsa ndi chisanu

Amene mumafunsa ngati kansalu koyera kopepuka kaja kamathandizadi chitsamba chikawauka ndi chisanu, ine ndikuti eya gulani, koma musaganize kuti masamba omwe ada kale adzukanso, amenewo apita basi. Ntchito yake ndi kuteteza zomwe zatsala kuti chisanu chikabweranso chisamalize chitsamba chonse.

Hibiscus wanga anapsa usiku umodzi wokha, kumwamba kopanda mtambo, mphepo ili zii, ndipo usiku wotere ndiye woopsa chifukwa kutentha kwa nthaka kumangothawira m'mwamba. Kukazizira kupyola pa 0 digiri madzi a m'masamba amaundana n'kuwononga mkati, ndiye m'mawa masamba anali lende, pofika madzulo ada bii, nsonga za nthambi zafewa. Mtima unandiwawa zedi.

Ndinatenga nsalu ya magalamu 30 pa sikweya mita, iliponso ya 17 yopyapyala koma kwa chitsamba chovulala kale ndinaona kuti ichepa mphamvu. Chomwe ndaikondera kwambiri imalowetsa kuwala, mpweya ngakhalenso madzi, pamene pulasitiki imachita thukuta mkati ndipo pomwe yagunda tsamba mpomwe pamapsa. Pofunditsa ifike mpaka pansi mupsinje ndi miyala m'mbali monse, osaimanga pa tsinde ngati switi ayi, pajatu kutentha komwe tikusungako kukuchokera m'nthaka. Kukacha dzuwa likatentha ndimavundukula, madzulo ndikufunditsanso, komanso ndimathirira masana poti dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma, patsinde ndaphimbira udzu.

Zosakoma zilipo. Siyolimba, ikakodwa pa minga ya bougainvillea imang'ambika pompo, ndipo ikanyowa imalemera n'kugonera pa nthambi, moti ndinakhoma timitengo tinayi kuti ikhale m'mwamba pang'ono. Chisanu chikakhala chankhanza kwambiri muipinde pawiri, imodzi imangowonjezera madigiri ochepa chabe.

Koma chonde anzanga, musathamangire sizasi. Ndikudziwa chitsamba chakuda chija chimanyansa m'maso ndipo manja amayabwa kufuna kudulira, koma masamba akufawo akutchinjiriza nthambi za mkati, mukadula msanga mumatsegula mabala komanso chimayamba kutulutsa mphukira zanthete zomwe chisanu chotsatira chimazipha mosavuta. Feteleza nayenso adikire kaye pa chifukwa chomwecho. Ngati mukufuna kudziwa kuti chili moyo palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mukaona zobiriwira ndiye kuti pali moyo, pakakhala pofiirira pouma tsikani m'munsi muyesenso. Wanga anali wobiriwira kuyambira chapakati kutsika, ndipo kutayamba kufunda timphukira tinatuluka pomwepo, mpamene ndinadula zouma zija pamwamba pang'ono pa mphukira iliyonse.

Nsaluyo ndaichapa ndi madzi okha, ndayanika n'kuipinda, kupatula pong'ambika paja igwiranso ntchito nyengo ikubwerayi.