Timagalasi ta ma electrode: katundu alibe vuto, vuto ndi mwini shopu

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwirizo ndachotsera mwano.

Ndinaitanitsa timagalasi tisanu totsekera kunsonga kwa ma reference electrode a mu labu yathu yoyeza madzi, tija ta mamilimita atatu. Ma electrode amenewa ndi timachubu tokhala ndi madzi a mchere m'kati, topereka mphamvu ya magetsi yosasintha yoyerekezera poyeza. Mtengo wake mukuudziwa kale, ndi mmene dola ikusowera muno, osanena za msonkho. Nditadikira masabata asanu, potsegula kaphukusi ndinapeza tonse tili tachikasu, kamodzi kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, tili m'kajumbo kosamata n'komwe. Mtima unandiwawa. Ndinati mkulu wa shopuyu wanditumizira zotola m'bini, poganiza kuti ndili kutali sindingamupeze. Ndinawalembera mwaulemu, zithunzi ndinatumiza zitatu. Patatha masiku anayi yankho linabwera la mzere umodzi, akuti nditsuke. Pepani palibe, kunena chotsukira ayi. Ngati ndinawapempha ulere.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi amayi ena akuntchito, amene anayamba za labu ine ndisanalowe sekondale. Anangoseka n'kuti, "Mwana iwe, galasi laludzu limatero." Ndiye anandilongosolera. Amatenga galasi la borosilicate n'kulitenthetsa kwa maola ambiri pa madigiri 500 mpaka 600, kufikira m'kati mwake mupatukane pawiri: mbali ya silika, ndi mbali ya boron ndi sodium, zolukanalukana ngati mizu. Akatero amaliviika mu asidi wotentha. Asidiyo amadya mbali ya boron ija, silika amaisiya, ndipo chotsala ndi chigoba cha silika pafupifupi 96 peresenti, chodzaza timabowo tolumikizana ta ma nanomita anayi. Ndi njira ya Vycor, imene akatswiri awiri, Hood ndi Nordberg, anatulukira ku kampani ya magalasi ya Corning ku America m'zaka za m'ma 1930. Timabowoto ndi timene timalola mchere wa KCl (potassium chloride) wa m'kati mwa electrode kudutsa pang'onopang'ono, koma ndi tomweto timene timayamwa utsi ndi nthunzi za mafuta zili mumpweya. Chikasu chija chinali chimenecho. Ndinaika kamodzi pachala chonyowa, kanamatirira ndithu.

Tinatitenthetsa mu hydrogen peroxide, kutsukuluza ndi madzi a distilled, tinayera mbee. Ma electrode awiri amene ndatsekera manambala ake sakuyendayendanso monga ankachitira ndi timagalasi takale. Apa ndivomere, katunduyu ndi weniweni, sanali wogwiritsidwa kale ntchito.

Kamodzi kanang'aluka. Ndinaiwala electrode kunja kwa madzi a KCl kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, mchere unauma m'timabowo n'kukaphulitsa. Kulakwa ndi kwanga, sindikukana. Koma bambo a shopu, kapepala ka mizere itatu konena kuti kakanyowa kasaumenso kakanakudyerani ndalama zingati? Ndidzagulanso chifukwa kwina sindinapeze, koma funso kwa inu sindidzatumizanso.