Miyezi 11 ndi API gateway yathu: ikugwira, koma za madola 60 pamwezi tikambirane kaye

Lolemba lapitali ndinalandira invoisi kuchokera kwa mkulu amene anatimangira API gateway yathu, yoti tiyambirenso mgwirizano wa support (kutithandiza zikavuta) wa chaka chachiwiri, madola 60 pamwezi. Madzulo ake mnzanga wa ku Mabvuku, yemwe timapemphera mpingo umodzi, ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, gateway yanu ija ikadali moyo? Kuntchito kwathu akufuna yotero, ndipatseni nambala ya mkulu uja." Nambalayo sindinam'patse nthawi yomweyo. Chinthuchi ndinachiyamikira kwambiri ndili nacho milungu itatu yokha, ndiye ndi bwino ndinenenso zimene ndaona kuchokera nthawi imeneyo.

Bizinesi ndi ya amalume. Timanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Harare kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, kudzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Mabulangete, mapoto, mafuta ophikira, nthawi zina firiji yathunthu. Ine ndimaona za makompyuta. Kuseva tili ndi mapulogalamu atatu: ina yolembera katundu, ina ya malipiro, ina yoti kasitomala aone pamene katundu wake wafika. Kale app ya pafoni inkalankhula ndi iliyonse payokhapayokha, ndipo iliyonse inali ndi kafufuzidwe kakekake ka amene walowa. Gateway ndi mlonda wa pageti: aliyense amadzera pa iye, iye n'kuona chiphaso, n'kumulozera khomo loyenera.

Anatimangira ndi kampani yaing'ono ya m'tauni, kunena zoona ndi munthu mmodzi ndi mnyamata wake. Anagwiritsa ntchito Spring Cloud Gateway pa Java 17, mtengo madola 900. Chimodzi chimene ndinakakamira n'choti ma route, malamulo onena khomo limene request iliyonse (pempho lochokera ku app) ipite, alembedwe mu code ndi RouteLocatorBuilder, osati mu fayilo ya YAML. Iye ankati n'kudzivutitsa chabe.

Zoyenda bwino sinditaya nazo nthawi. Kulozera ma request kumalo ake sikunaphonyepo. JWT, chiphaso chimene munthu amalandira akachita login, imafufuzidwa pamalo amodzi. Vuto la CORS, lamulo la browser lokhudza ma request opita ku seva ina, limene linkatidyera masiku linatheratu. Ma log onse ali pamodzi, munthu akadandaula ndimadziwa poyambira. Tsiku lina Redis, pulogalamu imene gateway imasungiramo mawerengero ake, inafa kuyambira m'mawa mpaka masana ine osadziwa, koma gateway inangopitiriza kulola anthu kudutsa, chifukwa rate limiter yake, gawo loletsa munthu kutumiza ma request ochuluka nthawi imodzi, inapangidwa kuti Redis ikasowa isatseke geti. Pamenepo ndinaomba m'manja ndekha muofesi.

Koma rate limiter yomweyo ndi imene inandimeretsa imvi.

Lachisanu ndi tsiku lopakira ku Mbare. Anyamata anayi amakhala ndi mafoni, aliyense akusikana barcode ya katundu, makasitomala ali pomwepo akutsegula app kuti aone ngati chikwama chawo chalembedwa. Kuyambira mwezi wachitatu, ikangokwana cha m'ma 2 koloko masana, app inkayamba kukana. Usikana kamodzi yalola, kachiwiri yakana, udikira pang'ono yalolanso. Amalume ankaimba mawu ali m'mwamba: "Mphwanga, makina ako aja agonanso. Tilembe m'kope?" Ankalembadi m'kope, ine usiku n'kumalowetsa pamanja zikwama 70, dalaivala ali kale panjira ya ku Mutoko.

Mu log munali nambala imodzimodzi, 429, kutanthauza kuti ma request achuluka. Ndinamutumizira wotigulitsa uja. Poyamba anati ndi netiweki ya ku Mbare. Ndinamuuza kuti netiweki siyankha 429, amene wayankha ndi gateway yathu. Sabata yotsatira anati pali anthu akutiukira, tisachotse chitetezo. Kenako anati seva yachepa, Java imadya memory. Apa panali kachilungamo pang'ono, 1 GB inalidi yothina, choncho tinakwera pa 2 GB, bilu n'kuchoka pa madola 12 kufika pa 24 pamwezi. Lachisanu lotsatira, 429 yemweyo. Nthawi zonse ankayesa ali muofesi mwake pa fibre, Lachiwiri m'mawa, n'kunditumizira chithunzi: "Onani bambo, kuno ikuyenda bwinobwino." Zinatenga miyezi inayi tikuzungulira pomwepo, ine ndikulipira 60 wanga mwezi ndi mwezi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachisanu lina ndinasiya kuimba foni, ndinakwera kombi ndi laputopu kupita ku Mbare. Ndinakhala pa belo la mabulangete pambali pa lole, fumbi lili kobo, mayi wina akukangana ndi mnyamata wathu za kulemera kwa thumba lake, ndinalumikiza laputopu ku foni yanga n'kulowa mu Redis ndi redis-cli. Gateway imasunga mawerengero ake m'makiyi oyamba ndi request_rate_limiter, kiyi iliyonse ndi ya "munthu" mmodzi. Ndinkayembekeza kuona makiyi ambirimbiri, poti pamalopo panali anthu oposa 20 ali pa app. Ndinapeza ma IP awiri okha, ma adiresi amene foni imadziwika nawo pa intaneti. Ndinaitana mnyamata mmodzi: "Aise, bwera ndi foni yako." Tinayang'ana IP yake, tinayang'ana yanga. Imodzimodzi.

Apa m'pamene zinandilowa m'mutu. Rate limiter imeneyi imagwira ngati ndowa imene madzi amadontheramo pang'onopang'ono. Pali replenishRate, kuchuluka kwa madontho pa sekondi, ndi burstCapacity, kukula kwa ndowayo. Request iliyonse imatunga kapu imodzi, ndowa ikauma wotsatira amabwezedwa ndi 429. Ife anatiikira 5 ndi 10. Kwa munthu mmodzi n'zokwanira. Funso ndi loti ndowayo ndi ya yani, ndipo chimene chimasankha zimenezo ndi KeyResolver. Wathu analembedwa kuti azitenga IP ya amene wabwera. Koma makampani a mafoni, kuno ngakhale kunja, amaika makasitomala ambiri kuseri kwa IP imodzi, njira yotchedwa CGNAT, chifukwa ma adiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi ndipo anaperewera kalekale. Si kulakwa kwawo, dziko lonse likuyenda choncho. Ndiye anyamata athu anayi, makasitomala onse a pa lole ija, ndi ine ndemwe, tinkatunga mu ndowa ziwiri zokha ngati mzere wa pa mjigo madzi a m'mipope akasowa. Kusikana kamodzi kokha app yathu imatumiza ma request atatu. Anthu awiri akasikana nthawi imodzi wachitatu akutsegula app, ndowa yauma.

Chondipweteka n'choti Spring ikangobwera imagwiritsa ntchito dzina la amene walowa, PrincipalNameKeyResolver. Mkulu uja anachita kuichotsa n'kuikapo ya IP, ndikuganiza kuti pa nthawi imene login inali isanamalizidwe, kenako n'kuiwala.

Ndinamutumizira zonse, zithunzi ndi mzere weniweni wa mu code. Anayankha patapita masiku awiri kuti zimenezo si za support, ndi ntchito yatsopano, madola 150. Ndinawerenga uthengawo kawiri. Usiku womwewo ndinakonza ndekha: KeyResolver yotenga sub ya mu JWT, kagawo kosonyeza mwini wake wa chiphasocho, mizere isanu ndi umodzi. Kukakamira kwanga kuja kunandilipira pamenepa. Ma route ali mu Java, ndinawawerenga ngati kalata, Git inandionetsa tsiku limene mzere uja unalowa, ndipo ndinalemba test ndi WebTestClient yotumiza ma request a anthu awiri kuchokera pa IP imodzi kuti vutoli lisadzabwerenso mwakachetechete.

Nanenso ndinapalamula, ndisaname. M'mawa mwake njira yoonera katundu, imene safuna login, inayamba kubweza 403 kwa aliyense. Wopanda JWT alibe kiyi, ndipo gateway ikapeza kiyi yopanda kanthu imakana. Azakhali ena a ku Ndirande anali ataimbira kale amalume kuti firiji yawo yasowa. Ndinaipatsa njira imeneyo KeyResolver yakeyake ya IP koma ndi ndowa yaikulu, pasanathe ola zinatheka. Apa ndi pamene kulemba mu code kumawawa: kusintha nambala imodzi kumafuna build yonse ndi deploy. Tsikulo magetsi kunalibe, inverter ikulira kuti batire latha, ine ndikuyang'ana Maven, pulogalamu yochitira build, ikuyenda ngati kamba. Manambala a ndowa ndinawasamutsira ku fayilo ya ma setting, ma route okha ndi amene atsala mu code. Kuchokera pamenepo Lachisanu lililonse lakhala la zii, kope la amalume lili mu dirowa.

Tsopano ndalama. Gateway 900, support 660 pa miyezi 11, ndi seva imene inakwera ndi madola 12 ndipo sindinaibwezerenso pansi. Ndikakumbukira usiku uja wa zikwama 70 ndimafuna kumulembera mkulu uja mawu oti sindingawalembe pano. Koma ndikakhala pansi ndimakumbukiranso kuti satifiketi ya HTTPS, imene imatha pa masiku 90, tsiku lina inalephera kudzikonzanso yokha, ndipo anandiyankha 11 koloko usiku n'kukonza osatchula ndalama. Code yake ndi yaukhondo, anatipatsa yonse popanda kubisa kanthu, n'chifukwa chake ndinatha kupeza cholakwa chake. Ena akanatisiyira fayilo ya jar yokha, pulogalamu yomanga kale popanda code yake.

Amalume anandifunsa funso limodzi: "Pa miyezi yonseyi wakugwirira ntchito kangati?" Ndinawerenga, katatu. Anangoti "Hmm" n'kubwerera ku masikelo awo.

Invoisi ija sindinalipire. Ndamulembera kuti tizimulipira pa ola akagwira ntchito, ndipo vuto lochokera mu code yake asamalitche ntchito yatsopano. Lero ndi tsiku lachinayi, uthenga uli ndi timizere tiwiri ta buluu. Mnzanga wa ku Mabvuku ndam'patsa nambala dzulo, ndi mawu akuti asanapereke ndalama yomaliza atsegule fayilo ya KeyResolver ndi maso ake, ndipo kuyesa akachitire pamene pali anthu ake enieni, pa data ya pafoni, tsiku lotanganidwa.