Kaboti ka ku Easdale ndi kamyuziyamu kake: ndalama yanga siinapite pachabe

Abale anga amene muli ku Glasgow kapena ku Edinburgh ndipo tsiku la off limangothera mmashopu, pitani ku Easdale mukaone. Ndi kachilumba kakang'ono kumadzulo kwa Scotland, kummwera kwa Oban, anthu okhalapo ndi 60 kapena kuposa pang'ono basi. Zomwe ndikufuna kuyamikira apa ndi ziwiri, kaboti kowolotsa anthu ndi kamyuziyamu ka pachilumbapo, Easdale Island Folk Museum.

Kukafika kwake mumadzera pa Clachan Bridge, mlatho wamiyala wa zaka za m'ma 1790, kenako mumatsika mpaka pa mudzi wa Ellenabeich, galimoto imathera pomwepo. Ku Easdale kulibe msewu, kulibe galimoto. Botilo ndi la khonsolo ya Argyll and Bute, lopanda denga, limanyamula anthu ngati 10 ndipo ulendo wake sumapyola mphindi 5, mukungokhazikika bwino mwafika kale. Bambo amene ankayendetsa tsiku limenelo anali odekha zedi, anadikira mayi wina wachikulire kuti atsike masitepe onyowa aja pang'onopang'ono, kumugwira mkono, osamufulumizitsa ngakhale kamphepo kanali katayamba. Mukatsika tsidya linalo chinthu choyamba kuona ndi mawilibala ali ndandanda pa doko, banja lililonse ndi yake, ndiyo imanyamula zogula kukafika kunyumba.

Anthu ambiri akatsika amathamangira ku maiwe aja obiriwira amawaona pa Instagram. Ine ndikuti yambani mwalowa mmyuziyamu kaye, chifukwa mukapanda kutero mungoona madzi okongola, kujambula selfie nkumabwerera osadziwa kuti mwaima pa chani. Maiwe amenewo si achilengedwe ayi. Ndi maenje a kwale, anthu anakumba ndi manja kufuna miyala ya sileti yofolera nyumba, ndipo ena mwa maenjewo anapita pansi mpaka mamita pafupifupi 90 kutsika kupyola pomwe pali nyanja, nyanja yeniyeniyo ili pambali pomwepo, pakati pangotsala kakhoma kamwala.

Myuziyamuyo ndi kanyumba kochepa koma zadzaza, zithunzi zakale, zipangizo zosemera ndi zong'ambira miyala, katundu wa mnyumba za anthu ogwira ntchito. Amene ndinawapeza pamenepo anandilandira ngati mlendo wapakhomo, ukafunsa funso samayankha mothamanga. Pomwepo mpamene ndinamvetsa kuti kale asanabweretse mapampu ankakumba mmphepete mwa nyanja madzi akaphwa, amakhomera zisonga zamtengo mming'alu, madzi akadzadzanso mtengo uja umafufuma nkung'amba thanthwe. Nzeru zimenezo! Kampani yoyendetsa ntchitoyi mwadongosolo inayamba mu 1745, malo onse anali a bwana wina wolemekezeka wotchedwa Earl of Breadalbane, ndipo pofika zaka za m'ma 1800 pakachilumba kameneka pankakhala anthu mazanamazana, masileti akutuluka mamiliyoni pachaka kupita ku Glasgow, ku Ireland, mpaka Nova Scotia ku Canada ndi Australia. Amuna ankagwira mmagulu, wina kuphwanya thanthwe, wina kung'amba, wina kusadza mmbali, ndipo malipiro ankawerengera masileti abwino amene atuluka, mwala ukasweka molakwika ndiye kuti thukuta lapita ulele. Nchifukwa chake chilumba chonse ndi milu ya zidutswa zotayidwa, mumaponda zomwezo kulikonse, zikulira khwechere khwechere pansi pa nsapato.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya Novembala 1881. Usiku umodzi kunabwera namondwe pamodzi ndi madzi okwera kwambiri, nyanja inalumpha makoma aja nkudzaza maenje. Ku Ellenabeich khoma linagumukiratu, dzenje lalikulu la kumeneko silinagwirenso ntchito ndipo amuna oposa 200 anadzuka mmawa ntchito palibe. Tangoganizani, zipangizo zako zili pansi pa madzi, ana akufuna kudya, dzinja la ku Scotland likungoyamba kumene. Ku Easdale anayesetsabe kupopa ndi kupitiriza, koma sileti ya ku Wales inali italanda msika, ndipo pofika 1911 ntchito yaikulu inatha. Anthu anasamuka. Kachilumba ka Belnahua kamene kamaoneka patali mukakwera kaphiri ka pakati nako kanali ka sileti, lero kulibe munthu ndi mmodzi yemwe, mabwinja okhaokha. Ife amene tinasiya kwathu chifukwa cha ntchito nkhani imeneyi sitimva ngati ya eni ake okha.

Za mwalawo ndiye musachoke musanautole nkuuyang'anitsitsa. Unayamba ngati matope pansi pa nyanja yakuya zaka zoposa 600 miliyoni zapitazo, kenako pamene mapiri a Scotland ankapangika, zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo, matope aja anapanikizidwa ndi kutenthedwa mpaka tinthu tamkati mwake tonse tinagona mbali imodzi, ndiye chifukwa chake umang'ambika mopyapyala chonchija. A geology amaitcha miyala ya Dalradian. Ndi wakuda motuwirako, pamwamba pali timizere ngati timafunde, ndipo mkati muli timabokosi tagolide tonyezimira, ngodya zake zowongoka ngati tima cube ta supu tija koma tating'ono. Si golide, ndi pyrite, chitsulo chosakanikirana ndi sulufule. Pena kabokosiko kanagwa, pamangotsala kabowo ka ngodya zinayi ka dzimbiri. Mmphepete mwa nyanja muonanso mizere ya mwala wina wolimba itadula sileti mopingasa, umenewo unali chiphalaphala cha moto cha nthawi ya mapiri ophulika a pachilumba cha Mull, zaka 60 miliyoni zapitazo.

Zovuta zilipo, ndisakunamizeni. Mabasi ochokera ku Oban ndi ochepa ndiye onani nthawi yobwerera musanawoloke, ndipo myuziyamu imatsegula nyengo ya alendo, mwezi wa Januwale musayembekezere. Mvula ikagwa zidutswa za sileti zimaterera koopsa, valani nsapato zenizeni osati ma slippers, ndipo ana muwagwire dzanja pafupi ndi maenje chifukwa mmbali mwake ndi phompho, madzi ndi akuya komanso ozizira ngakhale dzuwa liwale bwanji. Mphepo ikakula botilo limatha kuima, zimenezo nzachitetezo chanu chomwe.

Mukafuna gulu pitani mu Seputembala, kumakhala mpikisano wa dziko lonse woponya miyala yodumphadumpha pamadzi, World Stone Skimming Championships, mu limodzi mwa maenje omwewa, ndipo mwala wake uyenera kukhala sileti ya pa Easdale yosapyola mainchesi 3. Ine ndimakonda tsiku wamba la mkati mwa sabata pamene a mmyuziyamu ali ndi mpata wocheza nanu. Boti ndi myuziyamu zonse ndikuzipatsa nyenyezi 5.